Makina oyezera BP ndi shuga kunyumba: zomwe ndaona m'miyezi 8

Amene anandipititsa ku famase si dokotala ayi, koma telala. Ndinamupititsira thalauzi la suti yomwe ndinasoketsa zaka zinayi zapitazo kuti alikulitse m'chiuno, popeza kunali ukwati wa mphwanga, ndipo iye atandizunguliza tepi pamimba anawerenga mokweza kuti masentimita 104, kenaka anaseka nkunena kuti, "Bwana, zikuoneka kuti kuntchito zinthu zikuyenda." Ndinaseka nawo, pakuti kwathu kuno mimba yotuluka timaiyesa chizindikiro cha ulemerero, koma nambala ija inandikhala mumtima, chifukwa mwezi womwewo achimwene anga aakulu anali atagonekedwa m'chipatala atafa ziwalo mbali imodzi ali ndi zaka 53 zokha, ndipo aliyense wotiona tili limodzi ankanena kuti mimba zathu ndi zofanana.

Loweruka lotsatira ndinagula zipangizo ziwiri pa famase ina mumzinda wa Lilongwe. Choyamba ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, aja okhala ndi lamba womanga pamkono pamwamba pa chigongono, oyendera mabatire anayi. Chachiwiri ndi kachipangizo koyezera shuga m'magazi, kamene kanabwera m'kachikwama pamodzi ndi chobayira chala chooneka ngati cholembera, tisingano ndi kabotolo ka timapepala 50 toyezera. Ndalama zonse zomwe ndinalipira zinali pafupifupi zofanana ndi zomwe ndinkamwaza m'miyezi iwiri pogula tchipisi, nkhuku yokazinga ndi zakumwa zozizira pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo nditawerengera motero mtima unaleka kuwawa.

Kuti munthu aweruze bwino zipangizozi, ayenera kuyamba wadziwa chomwe zikusaka. Vuto lomwe ndinkaliopa madokotala amalitcha metabolic syndrome. Si nthenda imodzi, koma ndi zizindikiro zisanu zomwe zimakonda kuyendera limodzi ngati ana a mimba imodzi. Mu 1988 dokotala wa ku yunivesite ya Stanford ku America, Gerald Reaven, anafotokoza kuti gwero la zambiri mwa izo ndi thupi kuyamba kusamvera insulin, timadzi topangidwa m'thupi momwemo tomwe ntchito yake ndi kutsegulira shuga njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu. Mu 2009 mabungwe akuluakulu a zaumoyo, kuphatikizapo International Diabetes Federation, anagwirizana kuti munthu ali ndi vutoli akapezeka ndi zizindikiro zitatu mwa zisanuzo. Zizindikirozo ndi mimba yaikulu, yomwe kwa ife a kumwera kwa chipululu cha Sahara muyezo wake ndi masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. BP yofika 130/85 kapena kuposera apo. Shuga wofika 100 mg/dL munthu asanadye kanthu m'mawa. Mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides ofika 150 mg/dL. Ndiponso kuchepa kwa cholesterol wabwino wotchedwa HDL, kosafika 40 mg/dL kwa abambo ndi 50 mg/dL kwa amayi. Munthu wa zizindikiro zitatu amakhala pa chiopsezo cha matenda a mtima ndi kufa ziwalo chowirikiza pafupifupi kawiri, pomwe cha matenda a shuga chimawirikiza pafupifupi kasanu, komabe nthawi zambiri samva kupweteka paliponse.

Apa ndiye pali malire a katundu yemwe ndinagula. Makina awiri aja amayeza zizindikiro ziwiri zokha. Chachitatu chimayezedwa ndi tepi ya telala, yomwe mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa mabatire, ndipo ziwiri zotsalazo zimafuna magazi otengedwa kuchipatala ndi kukapimidwa ku labotale. Wogulitsa uja anandiuza kuti ndikagula zonse ziwiri ndiye kuti chipatala ndachisamutsira kunyumba, koma mawuwo anali a malonda chabe.

Makina a BP ndi opangidwa bwino. Ali ndi batani limodzi lalikulu, manambala ake amaoneka ngakhale kwa munthu woiwala magalasi kuchipinda, amasunga zotsatira zam'mbuyo, ndipo poti sadalira magetsi a pakhoma, kuzima kwa magetsi sikuwakhudza. Mabatire omwe anabwera nawo anatha pa milungu isanu, koma ena abwino omwe ndinagula pambuyo pake anakhala miyezi inayi. Dandaulo langa lalikulu lili pa lamba. Tsiku loyamba ndinadziyeza nditangofika kunyumba, thukuta lisanaume, ndipo makina anaonetsa 158/98. Ndinabwereza katatu mtima ukugunda ngati ng'oma, manambala nkumangokwera, mpaka mayi a kunyumba anandilanda makinawo nkukawaika pamwamba pa kabati. Patapita masiku awiri ndinawatenga kupita nawo kuchipatala, kumene namwino wina wachikulire anangoyang'ana lamba uja nkupukusa mutu. Anandionetsa manambala olembedwa m'mphepete mwake, akuti masentimita 22 mpaka 32, kenaka anayeza mkono wanga nkupeza masentimita 35. Lamba wochepa amapereka manambala okwera kuposa momwe magazi akuthamangiradi, ndipo izi wogulitsa uja sanazitchule konse, ngakhale mkono wanga ankauona ndi maso ake. Ndinabwerera ku famase kukafuna lamba wamkulu, wa masentimita 32 mpaka 42, ndipo ndinadikira milungu itatu kuti abwere, nkulipiranso ndalama zina. Ndikuona kuti ili ndi vuto lenileni, chifukwa anthu ambiri ogula makinawa chifukwa choopa kunenepa ndi omwewonso a mikono yonenepa. Aliyense wofuna kugula ayambe wayeza mkono wake pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo asatuluke m'sitolo asanawerenge manambala a pa lamba.

Kabuku ka malangizo kali m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zina zakunja, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, motero zambiri ndinaphunzira kwa namwino yemwe uja. Munthu ayambe wataya madzi, asamwe tiyi kapena khofi, asasute fodya, ndipo asagwire ntchito yolemetsa kwa mphindi 30 asanayeze. Akhale pampando wotsamira kwa mphindi zisanu, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, lamba atamangidwa pakhungu osati pamwamba pa malaya, ndipo asalankhule makina akamapopa. Ayeze kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 7, kenaka ataye zotsatira za tsiku loyamba nkuwerengera pakati pa zotsalazo. Poyezera kunyumba, malire a BP yokwera ndi 135/85, osati 140/90 ya kuchipatala, popeza anthu ambiri magazi amawathamanga akangoona yunifolomu yoyera. Nditatsata zonsezi ndi lamba woyenera, nambala yanga ya pakati inali 142/90. Inali yotsika poyerekeza ndi ya tsiku loyamba lija, koma inali yokwera ndithu. Tinayerekezanso makina anga ndi a kuchipatala pa mkono womwewo, ndipo anasiyana ndi manambala atatu okha, zomwe zinandipatsa chikhulupiriro mwa iwo.

Phindu lenileni la makinawa ndinaliona nditagula kope la ana asukulu nkuyamba kulemba nambala iliyonse pamodzi ndi zomwe ndinadya dzulo lake ndi nthawi yomwe ndinagona. Patatha mwezi umodzi kope lija linayamba kundineneza. Loweruka lililonse m'mawa manambala ankakwera, ndipo sindinafunike wondiuza chifukwa chake, popeza Lachisanu madzulo ndinkakhala pa chiwaya ndi anzanga, tikudya kanyenya woviika mumchere wa tsabola nkumatsitsira mowa mpaka pakati pa usiku. Ankakweranso sabata iliyonse yomwe ndinagona maola osakwana asanu chifukwa cha malipoti a kuntchito. Za mchere ndiye zinandidabwitsa kwambiri. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapose magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo muyezowo ukuwerengera mchere wonse, wa mu buledi, wa mu soseji, wa mu usipa wouma, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhalenso soda wothira mu therere, yemwe naye ali ndi sodium. Ine ndinali munthu wothira mchere m'mbale ndisanalawe nkomwe. Tinachotsa kambale ka mchere patebulo, timakyubu tinasiya kugula, ndipo ndiwo zinayamba kukometsedwa ndi anyezi, matimati, adyo ndi nsinjiro. Milungu iwiri yoyamba chakudya chinkamveka chozizira mkamwa ndipo ana anadandaula, koma lilime linazolowera, moti tsopano ndikadya ku ukwati kapena pamaliro ndimamva mchere ukuluma.

Kachipangizo ka shuga ndimakaona mosiyana. Kamagwira ntchito msanga, kamafuna kadontho kochepa ka magazi, ndipo kubaya sikupweteka kwenikweni munthu akabaya m'mbali mwa nsonga ya chala m'malo mwa pakati penipeni. Koma kali ndi misampha yake. Woyamba ndi wa miyezo. Kanga kamaonetsa manambala mu mg/dL pomwe zipatala zina zimalemba mu mmol/L, ndipo munthu wosadziwa kuti nambala yoyambayo imagawidwa ndi 18 kuti ifanane ndi yachiwiriyo akhoza kukomoka ndi mantha ataona 108, pomwe mnzake akunena kuti wake ndi 6.0, chonsecho ndi shuga yemweyo. Nambala imeneyi, 108, ndi yomwe ndinkapeza kawirikawiri m'mawa nditakhala maola 8 osadya. Sinafike pa 126 pomwe pamayambira matenda a shuga, koma inadutsa 100, ndipo pamodzi ndi mimba ndi BP, zizindikiro zitatu zinakwana. Dokotala atapima magazi ku labotale anatsimikiza zimenezi, nkuwonjezera kuti triglycerides nawo anali atadutsa malire pang'ono. Anandipatsa miyezi itatu yoti ndisinthe kadyedwe ndi kayendedwe, nkundiuza mosabisa kuti BP ikapanda kutsika ndiyamba kumwa mankhwala.

Msampha wachiwiri ndinagweramo m'nyengo ya mango. Tsiku lina masana ndinasendera mwana mango awiri, ine osadyako, nkupukuta manja pa kansalu, kenaka ndinadzibaya chala. Kachipangizo kanaonetsa 196. Ndinakhala pansi miyendo itazizira, ndikuganiza za achimwene ndi mkono wawo wolendewera. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 ndi amene anafunsa ngati ndinasamba m'manja. Nditasamba ndi sopo nkuumitsa bwino, chala chomwecho chinapereka 117. Madzi a mango otsalira pakhungu anasakanikirana ndi kadontho ka magazi. Kabuku ka malangizo a kachipangizoka kanatchuladi zosamba m'manja, koma m'kamzere kamodzi pa tsamba lomwe palibe amene amafikapo.

Msampha wachitatu ndi wa m'thumba. Kachipangizoko amakagulitsa motsika mtengo, koma timapepala ndi timene timadya ndalama, ndipo kalikonse kamagwira ntchito kamodzi kokha. Timapepala ta kampani ina sitilowa m'kachipangizo ka kampani ina, motero tija 50 titatha ndinayenda mafamase anayi ndisanapeze toyenera. Timakhalanso ndi tsiku lothera ntchito, ndipo timaonongeka ndi kutentha kapena chinyezi, choncho kabotolo kake sikoyenera kusiyidwa m'galimoto m'mwezi wa Okutobala kapena kukhala kosatseka m'nyengo ya dzinja. Ngakhale zonse zitakhala bwino, zipangizo zamtunduwu zimaloledwa kuphonya ndi pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, ndiye kusiyana kwa 101 lero ndi 106 mawa sikuyenera kumusowetsa munthu tulo.

Ngakhale ndikudandaula chotere, kachipangizo kameneka ndi kamene kanathetsa mkangano wa nsima m'nyumba mwanga. Ndinakulira nsima ya ufa woyera, ndipo mgaiwa ndinkauona ngati chakudya cha kusukulu yogonera komweko kapena cha chaka cha njala. Ndinayesa kudziyeza patatha maola awiri nditadya, nthawi yomwe shuga wa munthu wabwinobwino amayenera kukhala pansi pa 140. Nditadya mitanda itatu ya nsima yoyera ndi nyama yokazinga nkumwera botolo la chakumwa chozizira, chomwe pachokha chimakhala ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 30, ndinapeza 168. Tsiku lina nditadya mitanda iwiri ya mgaiwa ndi nyemba ndi nkhwani wotendera, nkumwera madzi, ndinapeza 127. Chimanga chikakonoledwa nkuviikidwa chimataya gaga ndi kamtima kake, zomwe mu mgaiwa zimatsala, ndipo nyemba zimachedwetsa thupi kusandutsa chakudya kukhala shuga. Koma ndisanamize anthu kuti mgaiwa ndi mankhwala. Tsiku lomwe ndinadya mitanda inayi ya mgaiwa womwewo ndi kandiwo kochepa, nambala inakweranso kudutsa 150. Kuchuluka kwa nsima m'mbale kunaposa mtundu wa ufa, ndipo chomwe chinandithandiza kwambiri ndi kusinthanitsa malo, kuti masamba monga bonongwe, chisoso, mpiru ndi kholowa adzaze theka la mbale, nsima ikhale mbali imodzi, ndipo mbali yotsalayo ikhale ya nyemba, nandolo, khobwe, usipa kapena chambo chowotcha. Tiyi wam'mawa, yemwe ndinkathira masupuni atatu odzaza nkumwera mandasi awiri, tsopano ndimathira theka la supuni nkudyera mbatata yophika kapena mtedza.

Chinthu china chomwe kope linandionetsa ndi mphamvu ya miyendo. Ndikayenda mphindi 15 nditangodya mgonero, shuga wa pambuyo pa chakudya ankatsika moonekeratu poyerekeza ndi masiku omwe ndinangogwera pasofa nkuyatsa wailesi ya kanema, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. World Health Organization imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa kathukuta, zomwe ndi mphindi 30 pa masiku asanu. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti anthu a shuga wokwera pang'ono ngati wanga omwe anayenda motere nkuyesetsa kuchepetsa thupi ndi 7 pa 100 iliyonse anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 pa 100 iliyonse. Ine sindinalembetse ku malo olimbitsira thupi. Ndinangoyamba kutsika minibasi masiteji awiri ndisanafike kuntchito, ndinasiya kukwera kabaza pa mtunda woti ndikhoza kuyenda, ndipo kadimba ka kuseri kwa nyumba, komwe ndinkalipira mnyamata kuti alime, tsopano ndimakagwira ndekha Loweruka m'mawa, nthawi yomwe kale ndinkakhala ndikulimbana ndi matsire.

Chovuta chomwe palibe kabuku kangachitchule ndi maso a anthu. Thupi litayamba kutsika, anzanga a kuntchito anayamba kundiyang'ana mwachifundo, ndipo apongozi anga anaitanira mwana wawo pambali nkumufunsa ngati ndikudwala kapena ngati pakhomo pavuta ndalama. M'dziko lomwe lakwirira anthu ambiri chifukwa cha Edzi, kuonda kuli ndi mbiri yake, ndipo sindiwaimba mlandu. Chomwe chinawakhazika mtima pansi ndi makina omwewa. Ndinawamanga lamba apongoziwo, makina anaonetsa 164/96, ndipo sabata yotsatira anapita kuchipatala kumene anawayambitsa mankhwala. Iwo ankati mutu umawawawa chifukwa cha dzuwa la kumunda. Nkhani yawo si yachilendo, pakuti kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osadziwa, ndipo 5.6 pa 100 alionse anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU ku Area 25 mu Lilongwe ndi ku Karonga anapezanso kuti amayi 44 pa 100 alionse a mumzinda anali onenepa kudutsa muyezo.

Pali ngozi ina yomwe ndiyenera kuitchula, yakuti makinawa akhoza kumusandutsa munthu kapolo. Mwezi wachiwiri ndinkadziyeza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ngakhale pakati pa usiku, ndipo nkhawayo payokha inkakweza manambala. Dokotala anandiletsa, nkundiuza kuti sabata imodzi pa mwezi ndi yokwanira pa BP, ndipo shuga ndiziyeza mwa apo ndi apo. Anandichenjezanso kuti nambala ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kupindika kwa pakamwa kapena dzanzi mbali imodzi, imeneyo si nthawi yolemba m'kope koma yothamangira kuchipatala, ndiponso kuti munthu amene ali pa mankhwala asawasiye chifukwa choti makina a kunyumba aonetsa nambala yabwino.

Makina a BP ndikuwavomereza kwa banja lililonse lomwe lili ndi munthu wa zaka zopitirira 40 kapena lomwe mumtundu mwake muli BP, shuga kapena kufa ziwalo, bola akhale a pamkono osati aja omanga pomwe timavala wotchi, omwe amaphonya mosavuta dzanja likapendekeka, ndipo agulidwe pa famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority osati pa benchi ya mumsika. Mabanja angapo, gulu la kumpingo kapena la banki m'khonde akhoza kusonkherana nkugula amodzi okhala ndi malamba awiri. Kachipangizo ka shuga ndikukaona koyenera kwa amene ali kale ndi matendawa kapena amene dokotala wawauza kuti ali m'malire ngati ine. Kwa ena onse, kukayezetsa kuchipatala kamodzi pa chaka nkotsika mtengo kuposa kugula timapepala tomwe tidzathe ntchito tili m'kabati, ndipo kachipangizo kameneka sikobwerekana mwachisawawa, chifukwa tisingano ndi chobayira chake zimakhudza magazi.

Mwezi watha BP yanga ya pakati inali 131/84, ndipo shuga wam'mawa akusewera pakati pa 96 ndi 102. Mankhwala sindinayambe, koma dokotala akufuna kundionanso pakatha miyezi itatu ndi zotsatira zatsopano za ku labotale. Thalauzi lija ndinabwerera nalo kwa telala yemwe uja kuti alibweze pang'ono. Anandizunguliza tepi pamchombo, ine nkumukonza kuti aiike pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno nditatulutsa mpweya, monga anandiphunzitsira namwino. Anawerenga 98, nkundifunsa motsitsa mawu ngati kuntchito kuli bwino. Kuti ndifike pa 94 kwatsala masentimita anayi, motero ndinamupempha kuti nsalu yotsalayo asaidule koma angoipindira mkati.